Seveni Kapena Zisanu ndi Ziwiri

Phunziro la sayikoloje silili m'gulu la maphunziro amene ophunzira amalemba pa mayeso a MSCE. Komabe mphunzitsi wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 3 kwathu ku Nkhotakota, anauza kalasi yake kuti aliyense achite kafukufuku waung'ono wokhudza maganizo a munthu, alembe lipoti, ndipo malikisi ake adzawerengeredwa pa zotsatira za teremu. Ntchitoyi inandipeza ndili pa tchuthi, choncho ndinakhala mlangizi wosalipidwa.

Mlongo wangayo anasankha mutu wa kukumbukira. M'chaka cha 1956 George Miller analemba kuti munthu amatha kusunga m'mutu zinthu pafupifupi 7 pa nthawi imodzi, kuwonjezerapo kapena kuchotserapo ziwiri. Iye anafuna kuyesa ngati zimenezi n'zoona kwa anzake a m'mbali mwa nyanja. Njira yake inali yosavuta: kuwerenga manambala mokweza, mnzake n'kuwabwereza, kenako n'kumawonjezera imodziimodzi mpaka mnzakeyo atasokonezeka. Anachita zimenezi kawiri, koyamba ndi manambala amene timagwiritsa ntchito pamsika, monga faifi, sikisi ndi seveni, kachiwiri ndi a Chichewa chenicheni.

Zotsatira zinamudabwitsa. Pafupifupi onse anagwa msanga pa manambala a Chichewa. Madzulo ake anandionetsa chiganizo chimene anafuna kutsekera nacho lipoti: chakuti Chichewa chimafooketsa ubongo.

"Achimwene, si ine ndanena, ndi manambalawa," anatero.

Apa ndi pamene tinakhalitsa. Ndinamuuza kuti awombe m'manja pa phatikizo lililonse. "Seveni" anawomba katatu. "Zisanu ndi ziwiri" anawomba kasanu n'kawiri, ndipo anaseka yekha. Mu 1975 Alan Baddeley ndi anzake anaonetsa kuti mawu ataliatali amavuta kuwasunga kuposa afupiafupi, chifukwa munthu amasunga zokhazo zimene angathe kuzibwereza chamumtima m'masekondi pafupifupi awiri. Mu 1980 Ellis ndi Hennelly anapeza zofanana kwa anthu olankhula Chingerezi ndi chilankhulo cha ku Wales: munthu yemweyo ankakumbukira manambala ochepa m'chilankhulo cha ku Wales chifukwa amatenga nthawi kuwatchula. Olankhula Chitchaina, omwe manambala awo ndi a phatikizo limodzi, amapambana olankhula Chingerezi pa mayeso otere. Kodi tinene kuti Chingerezi chimafooketsa ubongo?

Palinso vuto lina la ife eni. "Zisanu ndi ziwiri" ndi nambala imodzi, koma m'khutu imamveka ngati ziwiri. Womvera akamva "zitatu, zisanu ndi ziwiri, zinayi" amayenera kuyamba waphatikiza, kenako n'kusunga. Ndiponso ndani pa doko amawerenga ndalama za usipa motero? Ngakhale agogo athu, amene sanapondeko m'kalasi, amati "faifi handiredi". Anzake a mlongo wanga ankayesedwa ndi mawu amene sawagwiritsa ntchito.

Sanakhutire msanga, ndipo ine ndinakondwera nazo. Iye mwini ndiye anaganiza zoyesa kachitatu ndi mayina a nsomba: chambo, utaka, kampango, mcheni, mpasa, bombe, usipa. Awa ndi mawu afupiafupi, a Chichewa, amene mwana wa msodzi amawamva kuyambira ali kumsana. Anzake aja anawabwereza mosavutika, ndipo chiganizo chija chinafufutidwa.

Kulemba lipotilo kunali nkhondo ina. Mlongo wanga amakonda kufotokoza nkhani monga timachitira pakhomo, kusakaniza zimene waona ndi zimene akuganiza. Lipoti silifuna zimenezo. Gawo la njira limanena zimene unachita, momveka bwino kotero kuti wa ku Dwangwa kapena ku Benga angathe kubwereza popanda kukufunsa. Gawo la zotsatira limanena zimene unapeza, basi. Maganizo ako amadikira gawo lokambirana. Mayina a anzake tinawachotsa, n'kuikapo zilembo. Analembanso kuti aliyense anavomera yekha ndipo anauzidwa kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse, pakuti kusokonezeka pamaso pa mnzako wa m'kalasi si chinthu chokoma.

Gawo limene analikana kwambiri ndi lonena zofooka za kafukufuku wake. Ankaopa kuti mphunzitsi adzaliona ngati kudzineneza, n'kumudula malikisi. Ine ndimaona kuti gawo limeneli ndi limene limasonyeza kuti wolemba akumvetsa chimene wachita. Pomaliza analemba zitatu: anthu anali ochepa, onse anali a sukulu imodzi, ndipo manambala a Chichewa ankabwera nthawi zonse pambuyo, anthu atatopa kale. Chachitatuchi anachizindikira yekha, ine osachiona n'komwe ngati nkhani. Analilemba lipotilo m'Chingerezi, monga analamulira mphunzitsi, koma mayina a nsomba anawasiya momwe alili.