Kutsitsa galimoto yoyendera mpweya, waranti osaitaya

Tsamba lino linazolowera za m'banja ndi za matenda, koma sabata ino ndafunsidwa za galimoto. Mwana wathu wina amene amagwira ntchito ku Manchester wagula Land Rover Discovery yatsopano, koma mayi ake akulephera kukweramo chifukwa cha mawondo. Anzake amuuza kuti aitsitse ndi tizitsulo totchipa ta pa intaneti, ndiye akufunsa ngati waranti ithere pomwepo. Musadabwe kuti namwino wopuma akuyankha za amakaniko. Odwala ambiri amene tinkawatulutsa m'chipatala, vuto loyamba linkawapezera pakhomo la galimoto.

Galimoto zina, monga Range Rover kuyambira 1992, sizikhala pa masipuling'i achitsulo koma pa matumba a labala odzaza mpweya. Pali kompresa yopopa, ndipo pafupi ndi matayala pali masensa olumikizidwa ndi tindodo, amene amauza kompyuta kuti galimoto yatalikira bwanji pansi. Ngakhale ma Prado ena amene timawaona m'misewu yathu ali ndi matumba otere kumbuyo.

Tizitsulo anzake akunenato timalowa m'malo mwa tindodo tija. Timanamiza sensa kuti galimoto yakwera kwambiri, kompyuta n'kutulutsako mpweya, galimoto n'kutsika. Ena amangolumikiza chipangizo n'kusintha manambala m'kompyutamo. Zimatsikadi, sindikukana ayi. Koma galimoto ikamayenda chotsika masiku onse, matayala amapendekeka n'kumadyeka chamkati, ndipo matumba ndi mashoko amavutika pa bampu iliyonse.

Nanga waranti? Kawirikawiri siifa yonse. Ku America kuli lamulo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act, limene limaletsa kampani kukana waranti kokha chifukwa mwaikamo chipangizo chosakhala chawo. Ayenera kuonetsa kuti ndicho chaononga. Lamulolo ndi la kumeneko, musakalitchule ku Manchester kapena ku Johannesburg. Kwina konse chimene chimalamula kwambiri ndi kabuku ka waranti kamene munapatsidwa, ndipo nthawi zambiri mumalembedwa kuti zoonongeka chifukwa cha kusintha kosavomerezedwa sadzalipira. Ndiye wailesi ikafa, mukhoza kulimbana nawo n'kupambana. Koma kompresa ikapsa kapena thumba likaboola, adzaloza tizitsulo tanu tija, ndalama n'kutuluka m'thumba mwanu. Ndipo zimenezi n'zomwe zimadula kwambiri.

Ndikudziwa, ena mukuti mudzatichotsa musanapite ku galaja. Ine zimenezo ayi. Wodwala wobisa kuti wamwa mankhwala ena tinkamuzindikira ndithu, nayenso makaniko amawerenga matayala ndi kompyuta. Komanso ku Britain a inshuwalansi amafuna muwauze chilichonse mwasintha pa galimoto, kupanda kutero akhoza kukana kulipira itachitika ngozi. Pamenepo nkhani yaposa ya waranti.

Chondiseketsa n'choti chimene ambiri akufuna chili kale m'galimotomo. Land Rover zoterezi zili ndi batani la Access Height, lotsitsa galimoto ndi masentimita pafupifupi 4 kapena 5, kutengera mtundu wake, kuti munthu akwere kapena atsike. Mukayamba kuthamanga imadzukanso yokha. Zina zatsopano mutha kuzitchera kuti zizitsika zokha mukaima. Zimenezi anaziika ndi eni ake, mungadine kakhumi patsiku waranti ili chilili. Anthufe kabuku ka galimoto sitikawerenga, timangokasiya m'pulasitiki mpaka tsiku logulitsa.

Tsopano ndilankhule za kwathu ku unamwino. Si zoona kuti mpando ukatsika kwambiri ndiye wokalamba apeza bwino. Munthu amene anachitidwa opaleshoni yosintha fupa la m'chiuno nthawi zambiri amauzidwa kuti miyezi yoyamba asakhale pampando umene mawondo akuposa chiuno. Kudzuka pampando wotsika n'kumene kumapweteka a nyamakazi. Chofunika n'choti mapazi afike pansi bwinobwino. Bwezani mpando m'mbuyo, mayi atembenuke, ayambe akhala kaye, kenako alowetse miyendo pang'onopang'ono. Mukayala jumbo pampando amatembenuka mosavuta, koma muichotse musananyamuke. Ngati pali potalikirabe, kasitepe kolimba kosaterera kamathandiza, ndipo waranti sikaikhudza n'komwe.

Anyamata ofuna kutsitsa kuti galimoto ioneke bwino, sindikuletsani, ndi yanu. Koma yambani mwalembera amene anakugulitsani, muwafunse ngati angaitsitse okha, ndi masentimita angati, ndiponso ndi ziti zimene zituluke mu waranti. Yankho likhale lolembedwa. Zapakamwa za wogulitsa sizidzakuthandizani, mawa adzakhala atasintha ntchito.

Kwa inu a kuno kumudzi amene munaitanitsa yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan kapena ku Britain, nthawi zambiri waranti ya kampani palibe, inatha kalekale. Chimene chidzakuweruzeni ndi mahampu ndi maenje a nyengo ya mvula, ndipo thumba likaphulika mudzadikira lina masabata angapo, galimoto itagwada pabwalo.