Juzi ya dalaivala wogona pa Mpadue

Madalaivala a mathiraki amene amagona m'galimoto pa Mpadue, kufupi ndi mlatho wa Kassuende, ambiri amalongedza zovala ngati kuti Tete ndi ng'anjo chaka chonse. Mu Okutobala ndi Novembala n'zoonadi, kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma mu Juni ndi Julayi mpweya umakhala wouma, kumwamba kopanda mitambo, ndiye kutentha kwa masana kumatha msanga usiku. Pofika m'bandakucha m'galimoto mwazizira, ndipo ulendo ukulowera kumapiri a ku Zóbuè kapena ku Angónia, kumene chisanu sichinyengerera munthu.

Wina anena kuti jekete limodzi lalikulu la pa kaunjika likwanira. Vuto lake, jeketelo limathandiza maola ochepa a m'mawa, kenako limangodya malo kuseri kwa mpando, ndipo ukalichapa limachedwa kuuma. Bola malaya a thonje a manja aatali, omwe amatchinganso udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi, juzi yopepuka pamwamba, chipewa choluka ndi masokosi. Dzuwa likamakwera uzivula chimodzichimodzi. Za nayiloni n'zotchipa, inde, koma pa Tete pofika 10 koloko zamata kale pathupi ndi thukuta.