Kukasaka kapikiapu ku Joni

Alamu anga amagula mbatatesi ku Tsangano n'kumakagulitsa pamsika wa Limbe, ndipo kwa zaka zambiri phindu lawo lakhala likuthera m'matumba a eni malole a hayala. Atasonkhanitsa kangachepe, anaganiza zokagula galimoto yawoyawo ku South Africa. Chigalimoto cha mabwana sankachifuna. Mtima wawo unali pa kapikiapu ka zitseko ziwiri, kosamwa mafuta kwambiri, konyamula matumba ochepa koma tsiku ndi tsiku. Ine anandipempha kuti ndiwaperekeze poti Chingerezi cha pamapepala chimawazunguza mutu.

Tinakwera basi pa Wenela. Za mizere ndi zidindo za pa Mwanza ndi pa Zobue sindinena, aliyense amene anayendapo akuzidziwa. Chimene chinandikhala m'maso ndi msewu wotsikira ku Tete, kumene kutentha kumakulonjera usanaone n'komwe mtsinje wa Zambezi. Pafupi ndi migodi ya malasha ya ku Moatize, ma Hilux oyera a zitseko zinayi ankatidutsa motsatizana, iliyonse ndi kambendera pamlongoti wautali, kumbuyo kuli mbee. M'mbali mwa msewu womwewo amuna anali kukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Alamu anandikodola.

"Mwaona alamu? Wa galimoto alibe katundu, wa katundu alibe galimoto."

Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako msewu wa N1 wosalala uja mpaka tulo tinatigwira. Tinafikira ku Soshanguve, kumpoto kwa Pretoria, kwa mng'ono wawo wa alamu amene amapenta nyumba za anthu kumeneko. Panja panali pataima Nissan NP200 yoyera, makwerero atamangidwa pamwamba, zitini za penti zili mbwee kumbuyo. Alamu anaizungulira kawiri asanapereke n'komwe moni wa kumudzi.

"Ngati iyi, koma yatsopano," anatero.

"Achimwene, mwachedwa. Yatsopano kulibe. Anasiya kupanga."

M'mawa mwake mng'ono wawoyo anatitengera ku Rosslyn, pafupi pomwepo, kuti tikadzionere tokha fakitale ya Nissan. Tinangoima kunja kwa mpanda. Mmenemo ndi mmene NP200 inkapangidwa kuyambira 2008 mpaka Malichi 2024, ndipo itatuluka yomaliza, m'dziko lonse la South Africa simunatsale kampani yopanga pikiapu yaing'ono yamtunduwu. Kale zinalipo zambiri. Akuluakulu akukumbukira Nissan 1400 ija inkanyamula matola m'misewu yathu yafumbi. Inayamba ngati Datsun mu 1971 ndipo inapangidwa mpaka 2008, zaka 37 osasintha nkhope kwenikweni. Ford Bantam inatha mu 2011. Chevrolet Utility, imene poyamba inkatchedwa Opel Corsa Utility, inapita mu 2017 pamene General Motors inasamuka m'dzikomo. NP200 inatsala yokha pamsika kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ikugulidwa ndithu, komabe nayo anaitseka. Nissan inali ndi pulani ya galimoto yolowa m'malo mwake, koma pulaniyo inadalira galimoto ina yomwe inkayenera kupangidwira ku Russia, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022 zonse zinagwa m'madzi.

Tsiku limenelo mng'ono wawoyo anali ndi ganyu ku Mamelodi, ndiye tinapanikizana, ine kumbuyo pamodzi ndi matumba a simenti. Kagalimotoka kamanyamula makilogalamu 800, ndipo kanayenda bwinobwino osadandaula. Chimodzi chokha ndinawanong'oneza alamu titatsika: kamakoka ndi matayala akutsogolo, choncho katundu akalemera kumbuyo, pamtunda wamatope wa ku Tsangano nthawi ya dzinja kadzafuna anyamata okankha. Iwo anangoti anyamata ku Tsangano sasowa.

Njira ya ku Mamelodi imadutsa kufupi ndi Silverton, kumene kuli fakitale ya Ford. Mu 2021 kampaniyi inalengeza kuti ithira ndalama zoposa madola 1 biliyoni a ku America pa ntchito zake m'dzikomo, ndipo zonsezo n'zopangira Ranger, yomwe amaitumiza kumaiko ambiri kunja. Toyota ku Durban ikupanga Hilux, Isuzu ku Gqeberha ikupanga D-Max. Ndalama zilipo, mafakitale alipo, amisiri alipo. Chimene palibe ndi chifukwa choti bwana wa kampani asankhe kagalimoto kakang'ono. Malamulo a chitetezo ndi a utsi amafuna zipangizo zofanana pa galimoto yaikulu ndi yaing'ono, antchito ndi omwewo, mzere wa mufakitale ndi womwewo, koma phindu la pa Ranger imodzi yamipando yachikopa kapikiapu sikangalifike. Wogulitsa ng'ombe imodzi amabwerera kunyumba msanga kusiyana ndi amene wanyamula dengu la nkhuku.

Madzulo tikudya nsima, mnyamata wina wa ku Mangochi amene amakhala nawo anatulutsa foni kutionetsa kuti kwina timapikiaputi tikugulidwa kwambiri. Sananame. Ku Brazil, Fiat Strada yakhala galimoto yogulidwa kwambiri kuposa ina iliyonse kuyambira 2021, ndipo Volkswagen Saveiro ndi Renault Oroch zikupangidwa konko. Ku America, Ford inatulutsa Maverick mu 2021, ndipo mu 2024 inagulitsa zoposa 100,000. Koma taonani bwino. Choyamba, Maverick ndi ya zitseko zinayi, yotalika kuposa mamita asanu, yopangidwira banja lopita kokagula zinthu Loweruka. Kwa Amereka ndi yaing'ono, kwa alamu anga ndi chinyumba. Chachiwiri, zonsezi chiwongolero chili kumanzere. Kuti achisamutsire kumanja, monga timayendetsera ife kuno kummwera kwa Africa, pamafunika ndalama zambiri ndiponso ogula ochuluka oti abweze ndalamazo. Renault inalankhulapo kangapo zobweretsa Oroch ku South Africa, anthu anadikira, osaiona. Toyota inatulutsa Hilux Champ ku Thailand mu 2023, yosavuta ndi yotsikirapo mtengo, chiwongolero kumanja, koma imeneyo ndi ya tani imodzi, si kagalimoto kamene tinatsatira.

Masiku otsatira tinathera m'mabwalo ogulitsira galimoto zakale. Paliponse pamene panaima NP200 yooneka bwino, wogulitsa sankafuna kumva zotsitsa mtengo. Wina anatiuza mosabisa kuti tikachoka, pofika madzulo abwera wa mapaipi kapena wokonza maluwa ndi ndalama m'manja. Tinayang'ananso Suzuki Super Carry, kalole kakang'ono kopangidwa ku India, kachibale ka timagalimoto ta ku Japan monga Daihatsu Hijet timene tadzaza m'matauni athu kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe. Alamu anakayesa mpando n'kupukusa mutu. Ta ku Japan tija injini yake ndi ya 660cc ndipo timaloledwa makilogalamu 350 okha, ngakhale kwathu timasenzetsedwa kuwirikiza. N'tabwino pakati pa Limbe ndi Ndirande, osati ulendo wa ku Tsangano.

Pamapeto pake alamu anagwirizana ndi bambo wina wachikulire wa ku Pretoria North amene ankasiya ntchito ya ukalipentala. Galimoto yake inali ndi zipsera kumbuyo koma injini ikulira bwino, buku la sevisi lili lodzaza. Mapepala otulutsira galimoto m'dziko tinawasiyira mng'ono wawo, ife n'kukwera basi yobwerera pa Park Station.

Kapikiapu kadzabwerera kumene kuli anthu ambiri ogula galimoto zatsopano, ndipo ku Brazil ndi ku America kalipo kale. Ife timagula zimene ena atopa nazo, choncho m'mabuku a makampaniwa sitiwerengedwa ngati msika. Ngati muli ndi NP200, Bantam kapena 1400 imene ikuyendabe, thirani oilo pa nthawi yake ndipo musaigulitse mwaphuma, chifukwa yatsopano simuipeza posachedwa.