Mwana wa wogulitsa nyama

Dzina la Thomas Wolsey ndinayamba kulimva m'chaka cha 1977, ndili folomu 3 pasukulu ina ya sekondale m'mapiri a Dowa. Aphunzitsi athu a mbiri yakale atanena kuti munthuyu anabadwira ku Ipswich, ku Mangalande, ndipo amati bambo wake ankagulitsa nyama, anzanga anandicheukira n'kuseka. Onse ankadziwa kuti fizi yanga ankalipira ndi malume, omwe ankapha ng'ombe pamsika wa Mponela.

Wolsey anaphunzira ku Oxford nakhala wansembe. Pofika 1515 anali kadinala komanso nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII. Kwa zaka 14, wofuna kanthu kwa mfumu ankayamba wagwadira iye. Anamanga chinyumba cha Hampton Court chomwe ngakhale mfumuyo inachisirira. Koma mfumu itafuna kuti Papa athetse ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon, Wolsey analephera kuiyendetsa nkhaniyo. Mu 1529 anamuchotsa paudindo n'kumulanda chuma. Mu 1530 anamumanga kuti ndi woukira, ndipo anamwalirira panjira, ku Leicester, asanafike ku London kukayankha mlandu.

Aphunzitsi atafika pamenepo anaika choko pansi n'kuyang'ana pawindo. “Lembani zomwezo basi,” anatero. Sanaonjezere kanthu, komatu tonse tinamva. Chaka chomwecho n'chomwe Albert Muwalo Nqumayo, yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ananyongedwa pamlandu wofuna kulanda boma. Munthu yemwe dzulodzuloli dzina lake linkanjenjemeretsa nduna zinzake!

Ine mtima unali kwa malume. Iwowa anali wapampando wa chipani m'dera lathu, ndipo wopanda khadi sankaponda mumsika iwo ali pomwepo. Mu 1975 banja lina la Mboni za Yehova loyandikana nafe linatengedwa usiku kupita kundende ya Dzaleka. Pamudzi aliyense ankadziwa yemwe anapereka mainawo. Nanenso ndinkadziwa, abale, koma nyama ndinkadya, yunifolomu ndinkavala, sukulu ndinkapita.

Tsiku lawo linafika mu 1978. Wina anakanena kuti ng'ombe yomwe anthu anasonkha kuti ikhale mphatso ya Ngwazi, malume anaipha n'kugulitsa. Palibe anafunsa umboni, monga momwe iwonso sankafunsira umboni. Atatuluka patatha zaka ziwiri anapeza malo awo pamsika atatenga wina, ndipo anzawo omwe ankamwera nawo limodzi ankati akawaona n'kukhotera njira ina. Anakakhala chikamwini kwa azakhali ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango, n'kumalima mbatata.

Kumeneko n'komwe ndinawafotokozera za Wolsey, tikuotha moto m'mwezi wa Juni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa: “Nanga mfumuyo inatani?”

“Inakwatira mkazi yemwe inkamufunayo, malume, n'kupeza nduna ina.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye n'zomwezi, mphwanga. Ine ndinkayesa anthu akuopa ine, kusadziwa kuti akuopa njovu yomwe ndinakwerapo. Itangogwedeza msana, ndinaona kuti pansi pali mame.”

Malume anamwalira kalekale. Dzaleka nayo inasintha. Kuyambira 1994 ndi malo a anthu othawa kwawo. Banja la Mboni lija linabwerera pamudzi, koma gogo wawo anatsala komweko. Mwana wawo wamwamuna, msinkhu wanga, sukulu anailekera sitandade 6 usiku womwe uja. Ndikapita kumudzi amandilandira chikwama n'kundifunsa za ana, ndipo amanditchula kuti “aphunzitsi”.

M'mabuku timawerenga za kadinala ndi mfumu yake, koma za omwe ankadya patebulo la kadinalayo sitimva kawirikawiri. Ine ndinali mmodzi wa oterowo. Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu oti ndimuuze mnzangayo, ndipo Khirisimasi ikubwerayi ndikupitanso kumudzi.