Chimangirizo cha ku Koleji Chimafuna Mboni

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira za uphunzitsi tinafika ku koleji tikudziwa kale kulemba chimangirizo. Kusekondale tinaphunzira kuti chimangirizo chimakhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndipo luso limeneli linatiolotsa pa mayeso a MSCE. Phunziro la kalembedwe la chaka choyamba silitaya maziko amenewa, koma limaonjezerapo funso limodzi limene aphunzitsi amalemba kawirikawiri m'mphepete mwa mapepala athu: "Mwadziwa bwanji?"

Choyamba chimene taphunzira n'chakuti mutu ndi mfundo n'zosiyana. Tikalemba kuti "chilankhulo chophunzitsira ku pulayimale", tangotchula mutu, ndipo palibe angatitsutse poti sitinanene kanthu. Koma tikalemba kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula kwawo, Chingerezi chizilowa pang'onopang'ono, apa taima pena pake. Chiganizo chotere ndicho aphunzitsi amachitcha thesis statement, ndipo ndime iliyonse yotsatira iyenera kuchigwirira ntchito.

Tikaima potero, tiyenera kubweretsa mboni. Pa nkhani ya chilankhuloyi, laibulale imatipatsa zambiri. Mu 1953 bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti mwana ayambe sukulu m'chilankhulo chake. Kuno kwathu, mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'zilankhulo za m'madera awo. Kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Zaka zimenezi n'zofunika, komabe kungozindandalika sikupambana mtsutso. Zikungoonetsa kuti nkhaniyi yakhala ikutembenuka.

Apa m'pamene Stephen Toulmin amatithandiza. M'buku lake la mu 1958, The Uses of Argument, anaonetsa kuti pakati pa mfundo ndi umboni pamafunika mlatho, kutanthauza chifukwa chimene umboniwo ukutifikitsira pa mfundoyo. Pa nkhani yathu mlathowo ndi uwu: mwana amene akuphunzira kulumikiza zilembo ndi mawu amene amawadziwa kale ali ndi ntchito imodzi, pamene wophunzira kuwerenga m'chilankhulo chachilendo wasenza ziwiri pakamodzi. Mlatho umenewu ukasowa, wowerenga amatsala kutsidya.

Chovuta kwambiri ndi kupereka malo kwa wotitsutsa. Kholo limene likufuna kuti mwana wake ayambe Chingerezi msanga lili ndi zifukwa zomveka: satifiketi ya MSCE simabwera popanda kukhoza Chingerezi, ndipo maphunziro a ku koleji ndi ntchito zambiri zimayenda m'Chingerezi. Palinso kalasi la m'tauni mmene mwakhala ana olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chichewa pamodzi. Chilankhulo cha kwawo ndiye chiti pamenepa? Tikayankha mafunso amenewa moona mtima, mfundo yathu imachepa pang'ono. Mwina timafika ponena kuti mwana ayambe ndi chilankhulo chimene ana ambiri a m'deralo amamva, pokhapokha mabuku ndi aphunzitsi ochidziwa alipo. Mfundo yochepetsedwa motereyi ndi imene imalimba. Aristotle anatchula njira zitatu zokopera omvera: logos, kutanthauza zifukwa, pathos, kukhudza mtima, ndi ethos, kudalirika kwa wolankhula. Wolemba amene wafotokoza maganizo a womutsutsa mwachilungamo amadalirika kuposa amene wawabisa.

Zinthu zimenezi si zachilendo kwa ife monga zimamvekera poyamba. Amene anakhalapo pabwalo la mfumu akudziwa kuti wodandaula amanena mlandu wake momveka, amaitana mboni, woimbidwa mlandu amayankha, ndipo nduna zimafunsa mafunso chigamulo chisanaperekedwe. Wokweza mawu chabe sapambana. Pepala la ku koleji ndi bwalo lomwelo, kusiyana kwake n'kwakuti wolemba amakhala yekha, choncho ayenera kudzifunsa yekha mafunso a nduna.

Mboni nazonso ziyenera kutchulidwa mayina. Ndondomeko ya APA, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'maphunziro a zauphunzitsi, imafuna dzina la wolemba ndi chaka mkati mwa ndime, komanso tsamba ngati tatenga mawu ake enieni. Timatero kuti wowerenga athe kukaona yekha ngati mboni yathu inanenadi zimenezo. Kutenga nzeru za wina n'kuziika ngati zathu ndi kuba, ngakhale titasintha mawu awiri kapena atatu. Chiyambire kutuluka kwa ChatGPT mu Novembala 2022, yesero lakula, chifukwa pulogalamu yotere imalemba ndime zosalala pa kamphindi. Koma imathanso kupeka mabuku amene kulibe, ndipo ngakhale italondola, kuganiza kumene asayinimenti inafuna kuti tichite kumakhala kusanachitike.

Kulemba m'Chingerezi, chimene kwa ambiri a ife ndi chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu, kumafuna kudekha. Ena mwa ife tapeza kuti kufotokozera mnzathu mfundo yathu m'Chichewa tisanailembe kumaulula ngati tikuidziwadi. Ikakanika kutuluka m'chiganizo chimodzi cha Chichewa, mawu aakulu a Chingerezi sangaipulumutse. Kusinthana mapepala kumathandizanso, poti mutu umodzi susenza denga. Mnzathu akasochera pandime yachitatu, ndime imeneyo ndiyo yofunika kuilembanso.

Posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa makalasi athuathu. Mphunzitsi amene sanazolowere kufunsidwa kuti wadziwa bwanji amaona funso la mwana ngati mwano, ndipo ana ake amangoloweza manotsi. Ana amene tidzawaphunzitse adzalandira mauthenga a pa WhatsApp onena za mankhwala ochiza matenda onse, adzamva malonjezo a pa nthawi ya kampeni, ndipo ena adzakhala m'makomiti a sukulu n'kumagamula nkhani ngati ya chilankhuloyi. Adzafunika kudziwa kupempha umboni mwaulemu ndi kusintha maganizo umboni ukawakana. Luso limeneli sitingadzawapatse ngati ife eni sitilipeza panopa, pamene tikadali ndi aphunzitsi otibwezera mapepala kuti tikalembenso.