Kalata yochokera ku Inverness

Okondedwa Achimwene,

Kuno tilipo, vuto ndi kuzizira basi.

Inverness ndi mzinda waung'ono kumpoto kwa Scotland, ndipo mtsinje wa Ness, wochokera m'nyanja ya Loch Ness, umadutsa pakati penipeni pa tauni. Mabasi akuwoloka pamlatho, pansipo mumaona asodzi ali m'madzi ofika m'chiuno, atagwira ndi manja awiri ndodo yotalika pafupifupi mamita 4. Amafuna salmon, nsomba imene imachoka m'nyanja yamchere n'kukwera mtsinje kukaikira mazira, monga ichitira mpasa mu Bua. Nyambo yawo ndi tinthenga tomangirira pambedza. Chimene ndikufuna mumve, inu odziwa za usodzi, n'chakuti ena mwa asodziwa akubwerera ku ndodo za faiba, yomwe ija amapangira maboti, pomwe za kaboni zopepuka zadzaza m'masitolo. Ine ndikuona kuti sakulakwa.

Nkhani yagona pa kaponyedwe. Pamtsinje wa Spey, kum'mawa kwa mzinda uno, mitengo ndi magomo zinkawaletsa asodzi kukankhira chingwe kumbuyo. Choncho m'zaka za m'ma 1800 anapeza njira ina: nsonga ya chingwe imakhudza madzi pambali pa munthu, chotsalacho chimapindika kumbuyo pang'ono, kenako amachikankha chonse kutsogolo. Njirayi inabadwira pa ndodo zamtengo, zolemera, zopindika mosafulumira. Ndi ndodo yotero, ya mtengo wa greenheart, msodzi wina, Alexander Grant, anaponya chingwe mayadi 65 pa Ness pomwe pano mu 1895. Faiba inabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kaboni n'kuilanda malo m'ma 1970, komatu faibayo ndiyo yasunga khalidwe la mtengo uja. Imapindika mpaka pafupi ndi chogwirira, msodzi amamva kulemera kwa chingwe m'manja, n'kudziwa nthawi yokankha. Sithyoka wamba ikagunda mwala, ndipo nsomba ikadumpha mwadzidzidzi, ndodoyo imagonja m'malo moti kansinga kakumbedza kaduke.

Mudzati, nanga kulemerako? N'zoona, ndipo wowedza tsiku lonse amakumva m'mapewa. Ya kaboni imafikanso patali, makamaka kukakhala mphepo, moti pamtsinje waukulu ngati Tay palibe chomukakamizira munthu faiba. Koma nsomba zambiri sizikhala kutsidya, ndipo ndodo yogwira ndi manja awiri imagawa katundu kumikono yonse. N'chifukwa chake opanga ndodo za faiba masiku ano sazitalikitsa kwambiri.

Funso lalikulu ndikulidziwa: ndodo yabwino si imene imabweretsa ndiwo? Kwathu inde. Kuno salmon wachepa, lamulo limaletsa kumuwedza Lamulungu, ndipo pa nsomba 100 zogwidwa ndi mbedza, zoposa 90 amazibwezera m'madzi zamoyo. Munthu amalipira chilolezo, amatha masiku osagwira kanthu. Ngati zimene akapeze kumtsinje ndi maola oponya chingwe, ndiye kuti ndodo imene imakoma poponya ndiyo yoyenera ndalama zake, ngakhale itsalire mamita angapo.

Mundipatsire moni amayi, muwauze kuti zovala zamphepo ndili nazo zokwanira. Mukamayankha mundiuzeko ngati mpasa ikukwerabe mu Bua chaka chino.

Ine mng'ono wanu.