Ulendo Wobwerera Kwathu



Sabata ino tiyeni tiponye maso kutali, ku mzinda wa Guangzhou, kummwera kwa dziko la China, kumene amalonda athu ena amakapikula katundu. Ndi mzinda wa mafakitale ndi misika yosagona, komabe kamodzi pa chaka mashopu ambiri amatsekedwa ndipo makina amangoti zii. Imeneyi ndi nyengo ya Chaka Chatsopano cha Atchaina, chimene amachiwerengera potsata mwezi, ndipo chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale.

Tsikuli likamayandikira, misewu ina imasanduka misika ya maluwa. Mabanja amasesa nyumba yonse, amamata mapepala ofiira pazitseko, ndipo akuluakulu amakonza timaenivelopu tofiira ta ndalama topatsa ana. Koma ambiri mwa anthu amene amasoka zovala ndi nsapato m'mafakitalemo si eni mzinda ayi. Ndi ana a alimi ochokera m'zigawo monga Hunan, Sichuan ndi Guangxi, ndipo ochuluka anasiya ana awo m'manja mwa agogo. Chokhumba chawo n'chimodzi: kukafika kumudzi chaka chakale chisanathe, kuti akadye chakudya chamadzulo pamodzi ndi makolo ndi ana awo. Nyengo ya maulendowa amaitcha chunyun, ndipo imatenga masiku 40.

Mu Januwale 2008, chipale ndi madzi oundana zinagwetsa nthambo za magetsi m'chigawo cha Hunan, ndipo sitima za pa njanji ya Beijing ndi Guangzhou zinaima. Anthu zikwi mazanamazana anaunjikana pa siteshoni ya Guangzhou, usana ndi usiku, mvula yozizira ikuwanyowetsa. Akuluakulu a boma anawapempha kuti abweze matikiti n'kudyera chaka mumzinda momwemo. Ena anamvera, koma ambiri anakakamira pomwepo, mpaka nduna yaikulu ya nthawiyo, Wen Jiabao, inafika kudzawalimbitsa mtima. Kodi chinawaimika pamenepo chinali chiyani? Sichinali chakudya, pakuti mpunga unalipo ku Guangzhou. Anali mayi wokalamba wodikira pakhomo, ndi mwana amene wayamba kuiwala nkhope ya bambo ake. Makolo athu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Chaka chimenecho, Chaka Chatsopano chinagwa pa 7 Febuluwale, pamene Lachitatu la Phulusa linali pa 6 Febuluwale, tsiku lomwelo la chakudya cha banja. Kwa Akatolika a mumzindawo, amene amapemphera m'tchalitchi chachikulu cha Mtima Woyera wa Yesu, chomangidwa ndi miyala ndi kumalizidwa mu 1888, phulusa ndi phwando zinakumana tsiku limodzi. Poyamba tingaganize kuti ziwirizi n'zotsutsana, koma tikasinkhasinkha tiona kuti zikunena chinthu chimodzi. Nayonso Lenti ndi ulendo wa masiku 40 wobwerera kwathu, ndipo kumapeto kwake kuli tebulo la Pasaka. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 sanapulumuke chifukwa chongomva chisoni ali m'khola la nkhumba. Anaimirira n'kuyamba kuyenda.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Ambiri a ife tili m'tauni chifukwa cha sukulu kapena ntchito, ndipo chaka chimatha osaponda kumudzi, ngakhale kuimba foni kumene. Timati ndalama zavuta, kapena tikuchita manyazi kufika chimanjamanja. Mawu omwewo ndi amene timanena pothawa sakramenti la kulapa: tidzapita tikadzakonzeka. Koma kholo silidikira thumba la shuga, limadikira mwana wake. Ndipo makolo sakhala mpaka kalekale. Ena mwa ife tidzapita kumudzi pa tsiku la maliro okha.

Anzathu aja anadikira sitima imene sanadziwe ngati ibwera. Ife chitseko cha Atate athu n'chotsekula, ndipo sichilira tikiti. Tiyeni sabata ino tichite ziwiri: tiyankhule ndi makolo athu kapena m'bale amene tinasemphana naye, ndipo tikagwade kwa wansembe kukalapa.

Mulungu atidalitse pa ulendo wathuwu.